Maso Obwereka a Bambo Andreya

Kwa zaka zitatu bambo Andreya ankayendetsa galimoto ndi maso a akazi awo. Ife a ku Nsadzo sitinkadziwa, kapena ndinene zoona, sitinkafuna kudziwa.

Bambowa anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Unyamata wawo wonse unathera pa chiwongolero cha malori aakulu aja odutsa pa Cassacatiza kupita ku Zambia. Atapuma ntchito anagula karinya yoyera, galimoto yotsegula kumbuyo, ndipo karinya imeneyo inasanduka miyendo ya mudzi wathu. Mayi wapakati nthawi yake ikakwana, tinkathamangira kwa a Andreya. Munthu akamwalira ku chipatala cha ku Chifunde, tinkathamangira komweko, chifukwa oyendetsa mashapa, timinibasi tonyamula anthu, safuna kumva za mtembo. Amati okwera adzayamba kuthawa galimoto zawo. A Andreya sankakana munthu, kaya wamoyo kaya wakufa.

Ulendo uliwonse akazi awo, mayi Anastácia, ankakhala kutsogolo pambali pawo. Ife tinkawaseka.

"Nsanje yake yotani imeneyi, mayi? Mdala wa mano anayi ameneyu akulandeni ndani?"

Iwo ankangomwetulira pang'ono, maso ali pa msewu. Chimene sitinkachiona ndi dzanja lawo lamanja. Linkakhala pa bondo la amuna awo, pansi pa chitenje chimene ankayala ngati akutchinga fumbi. Akafinya bondolo, ndiye kuti chepetsani liwiro. Akatsina, ndiye kuti imani pomwepo. Zina ankanong'ona: "Njinga kumanzere. Mbuzi ziwiri. Ngolo kutsogolo." A Andreya msewu ankaudziwa ndi thupi lonse, mlatho uliwonse ndi mchenga uliwonse. Koma chimene chaima pa msewupo lero ankachimva kwa akazi awo. Ng'ala inali itaphimba maso awo onse awiri. Karta yawo yoyendetsera inatha nthawi kalekale, ndipo sanapite kukaikonzetsa podziwa kuti kumeneko amayamba ndi kuyeza maso.

Zizindikiro zinalipo, ndipo tinkaziona. Tsiku lina pa msika anapatsa moni thumba la makala, mwaulemu ndithu, mpaka kuvula chipewa. Kalirole wa kumanzere anathyoka pa chipata cha tchalitchi. Tinkaseka, n'kumati ndi ukalamba, kenaka m'mawa mwake n'kukweza ana athu odwala m'karinya momwemo. Ukamadalira galimoto imodzi yokha sufunsa mafunso ambiri. Zimenezi ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Amene ankalankhula anali mwana wawo wamkazi, Vânia, yekha. Iyeyu anakhala ku Tete zaka zisanu ndi chimodzi akuyendetsa galimoto ya bungwe lina, n'kubwerera kumudzi ndi ana awiri ndi karta yake.

"Papá, ndipatseni chiwongolero. Inu muzikhala pambali, muzindiuza njira."

"Iwe, ine ndikuyamba kuyendetsa, unali usanaganiziridwe n'komwe. Zaka makumi asanu sindinagundepo ngakhale nkhuku."

"Nanga kalirole uja?"

"Chipata chija anachimanga mokhota."

Amayi ake ankamukokera kuseri. "Usawachititse manyazi abambo ako. Ukawachotsa pa galimoto atsala ndi chiyani? Akhala pakhonde n'kumadikira imfa." Motero Vânia ankagulitsa tomato pa msika, karta ikugona m'chikwama.

Chaka chatha, m'nyengo yotentha mvula isanagwe, Florência, mng'ono wawo wa mayi Anastácia, anamwalira ku chipatala cha ku Chifunde. Ine ndinali m'gulu la amayi amene tinapita kukatenga thupi. Popita zonse zinayenda monga mwa masiku onse, mayi Anastácia ali kutsogolo. Vuto linabadwa pobwerera.

Titagoneka thupi kumbuyo kwa karinya, mayi Anastácia anazungulira kuti akatsegule chitseko cha kutsogolo. Anapeza mlongo wawo wamkulu, a Cláudio, atakhala kale pa mpando. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo kwathu kuno wotsogolera maliro amakhala kutsogolo.

"Achimwene, ndisiyireni mpandowu. Mutu ukundipweteka."

A Cláudio anawayang'ana modabwa. "Mng'ono wako wagona kumbuyoku, iwe ukufuna mpando wofewa? Mutu wake augwira ndani?"

Amayi ena anayamba kung'ung'udza. Mmodzi ananena mokweza kuti nsanje ili ndi malire, lero si tsiku lolondera mwamuna. Mayi Anastácia anayang'ana amuna awo. A Andreya ndi mkamwini, sakanatsutsana ndi alamu awo pa maliro a kuchikazi. Anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kunena motsitsa mawu, "Pitani kumbuyo, amake Vânia. Msewu ndikuudziwa."

Apo ndi pamene panafunika mawu anayi okha: amuna anga saona bwino. Mayi Anastácia anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Vânia, amene anali nafe kumbuyo, anafuna kutsika, koma amayi ake anamugwira mkono mwamphamvu. Mayi Anastácia anakwera kumbuyo, anakhala pansi, n'kuika mutu wa mng'ono wawo pa miyendo.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Tinkaimba nyimbo za maliro, koma mayi Anastácia sanaimbe ngakhale mzere umodzi. Anapotoza khosi, maso ali pa kawindo kakang'ono ka kumbuyo kwa oyendetsa, akuyesetsa kuona msewu. A Cláudio kutsogoloko anali atazolika, chipewa chili kumaso, akulira mlongo wawo.

Sitinapite patali. Lori ina inatidutsa n'kusiya fumbi lambiri, ndipo dzuwa linkawala molunjika pa galasi. M'fumbimo munali Tabita, mayi wa ana atatu, akuchokera ku chigayo ndi dengu la ufa pamutu. Ankayenda m'mbali mwenimweni mwa msewu, mmene munthu woyenda pansi amayenera kuyenda. Mayi Anastácia anamuona. Dzanja lawo linachita zimene linazolowera: linatsina mwamphamvu. Koma linatsina phewa la mtembo.

Pamene ankafuula n'kumenya denga la galimoto, zinali zitachitika kale. Tinamva kugunda, kenaka kukuwa. Ufa unawuluka n'kutigwera tonse, ife ndi nsalu ya malemu yomwe.

A Andreya anatsika. "Ndagunda chiyani? Ndi mbuzi?" Anafunsa choncho Tabita ali chigonere mapazi asanu kuchokera pamene anaima. Mwendo wake wamanja unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

Tinatsitsa thupi la Florência n'kuligoneka pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, amayi anayi n'kutsala nalo. Pamalo pake tinagonekapo Tabita. Palibe amene anauza Vânia chochita. Anangokwera pa mpando wa oyendetsa, n'kutembenuza karinya, n'kubwerera ku chipatala. Abambo ake anatsala chikhalire m'fumbi, manja ali kumutu. Sindinaonepo munthu wamkulu atatheratu mphamvu chotero, ndipo ndinamva chisoni chosakanizika ndi mkwiyo.

Tabita anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Tete. Apolisi analemba nkhani yonse, anatenga karta yakutha ija, n'kuuza a Andreya kuti asakhudzenso chiwongolero ndipo akayezetse maso.

Tsiku lometa maliro, abale atasonkhana, nkhani ya ngozi inatuluka. A Cláudio analankhula modekha, ngati munthu amene wapeza yankho.

"Alamu athu ayendetsa zaka makumi asanu popanda ngozi. Ichitike lero, atanyamula mlongo wathu? Apa pali chimene malemu sanakondwe nacho. Tithire nsembe, galimoto tiitsuke ndi mankhwala, za apolisi zikatha alamu apitirize kutithandiza."

Ambiri tinagwedeza mitu kuvomereza. Yankho limeneli linali lokoma, chifukwa silinkaloza munthu aliyense wamoyo, komanso linkatisiyira galimoto yathu. A Andreya anangozolika.

Mayi Anastácia anaimirira. Mutu wawo unali utangometedwa kumene.

"Achimwene, nsembe thirani, ndi mwambo wathu, sindikukana. Koma mng'ono wanga musamunamizire. Florência sanagunde munthu. Bambo a Vânia, kwezani buluku, anthu aone bondo."

A Andreya sanasunthe. Akazi awo anagwada n'kukweza okha mwendo wa buluku. Bondo lamanzere linali lodzaza ndi mabala akuda, ena akale, ena atsopano.

"Izi ndi zala zanga," anatero. "Zaka zitatu ndakhala ndikuwaonera msewu. Inu munkati ndi nsanje. Ine ndinkati ndikusunga ulemu wa amuna anga. Ulemu umenewo ndi umene wathyola mwendo wa mwana wa eni."

A Cláudio anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli mawu.

Patapita masiku awiri, Vânia anatenga makolo ake kupita nawo ku chipatala. Anawalandira enfermera Belmira, namwino wochokera ku Quelimane amene Chinyanja anachiphunzirira kuno. Amalankhula pang'onopang'ono, koma sazungulira. Anawakhazika a Andreya pa mpando, anawatseka diso limodzi, n'kuima mapazi ochepa kutsogolo kwawo.

"Papá Andreya, ndaimika zala zingati?"

"Zitatu."

"Sindinaimike chala. Manja anga ali m'matumba."

A Andreya anapumira m'mwamba. "Ndiye mwati ndakalamba, basi. Munditaye."

"Ayi, sindinatero," anayankha enfermera, akukoka mpando kukhala nawo pafupi. "Zaka pazokha sizichotsa munthu pa chiwongolero. Alipo a msinkhu wanu amene akuyendetsa bwino, ndipo alipo anyamata osayenera kuyendetsa. Ife timayang'ana thupi. Ndikufunseni. Dzuwa likakuwalirani kumaso, mumaona chiyani?"

"Utsi wokhawokha."

"Hutala ya galimoto ya kumbuyo mumaimva?"

"Ikayandikira."

"Khosi limatembenuka mukafuna kubwerera m'mbuyo?"

Vânia ndiye anayankha. "Amafunsa amayi."

Enfermera anawayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Anawauza kuti apondetse phazi pansi msanga iye akawomba m'manja. Phazi linkafika pansi mochedwa, ndipo a Andreya anadzimvera okha.

"Mwaona? Pa msewu kamphindi kameneko ndi moyo wa munthu. Ng'ala imachotsedwa, ndikulemberani kalata ya ku Tete. Mukhoza kudzaonanso nkhope za adzukulu anu. Koma kuona nkhope ndi kwina, kuyendetsa galimoto yodzaza anthu ndi kwina. Zimenezo akanene ndi adokotala, osati mtima wanu." Kenaka anatembenukira kwa mayi Anastácia. "Mamá, inu munachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndikudziwa. Koma maso sabwerekana. Diso likaona, phazi liyenera kuponda nthawi yomweyo, ndipo ziwirizi ziyenera kukhala za munthu mmodzi. Mukanabwera nawo kuno chaka choyamba chija."

Mayi Anastácia analira mwakachetechete. A Andreya anafunsa funso limene linkawadya m'kati.

"Nanga anthu akamwalira, awanyamule ndani? Odwala apite bwanji?"

"Amene adwala ndi maso anu, galimoto ili bwinobwino," anatero enfermera. "Amene anabweretsa Tabita kuno tsiku lija ndani? Ndinamuona mmene anaimikira galimoto pakhomo apa. Muli ndi woyendetsa m'nyumba mwanu momwe."

Musaganize kuti a Andreya anavomera tsiku lomwelo. Sabata yathunthu sanalankhule ndi munthu. Makiyi anali pa chingwe m'khosi mwawo, ndipo ankagona nawo. M'mawa ankatuluka, n'kupukuta galasi la karinya, n'kukhala pa mpando wa oyendetsa osaliza injini. Chakudya ankangochitola pang'ono. Tinkaopa kuti mawu a akazi awo aja, oti adzakhala pakhonde n'kumadikira imfa, akwaniritsidwa.

Mvula yoyamba itagwa, aliyense anathamangira kumunda. Munda wa Tabita unali chikhalire, udzu ukumera. A Andreya anapempha akazi awo kuti awatsogolere kumeneko, ndipo iwo ndi Vânia ndi ena a ife tinalima ndi kubzala masiku atatu. Tsiku lomaliza ana a Tabita anabwera kudzatipatsa madzi. Wamng'ono kwambiri, kamtsikana ka zaka zinayi, anafunsa mdala amene anali naye pafupi, osadziwa kuti ndi ndani: "Agogo, amama abwera liti?"

A Andreya sanamwe madziwo. Atafika kunyumba anaitana Vânia, anavula chingwe m'khosi, n'kumuika makiyi m'manja.

"Giya yachiwiri imavuta, usaikakamize. Pa mchenga wa kutsikira ku mtsinje usaime pakati. Ndipo munthu wa maliro usadzamukane."

"Ndamva, papá."

"Ine ndinayenera kukupatsa kalekale. Ndinkaopa kusekedwa."

Ku Tete anawachotsa ng'ala. Diso limodzi linatseguka, linalo linakana. Adokotala ananena kuti kuyendetsa kwatha, ndipo a Andreya sanatsutse. Tsopano amakwera pambali pa Vânia pa maulendo ovuta, n'kumamuuza pamene pali mchenga ndi pamene madzi amadula msewu. Achinyamata a njinga zamoto amabwera kudzawafunsa za injini. Pakhonde amakhalapo, koma sadikirapo imfa.

Tabita anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri ndi theka. Tinapita kukamutenga ndi karinya yomweyo. Vânia anamutsegulira chitseko cha kutsogolo, ndipo a Andreya anaima pambali atavula chipewa.

"Mwana wanga, ndine ndinakugunda. Ndinkadziwa kuti sindiona, koma ndinayendetsabe. Ndikhululukire."

Tabita anatsamira ndodo zake n'kuwayang'ana. "Za munda ndamva, zikomo. Kukhululuka ndakhululuka, bambo, koma mwendowu ati sudzawongokanso." Kenaka anatiyang'ana tonse amene tinaima pamenepo. "Nonsenu munkadziwa. Akanangolankhula mmodzi yekha."

Tinamuthandiza kukwera pa mpando wa kutsogolo.

Pobwerera a Andreya ndi akazi awo anakhala nafe kumbuyo. Titakumana ndi ngolo ya ng'ombe, ndinaona dzanja la mayi Anastácia likuthamangira pa bondo la amuna awo. A Andreya analigwira n'kulisunga m'manja mwawo.

"Pumulani, amake Vânia. Mwana akuona."

Mayiwo anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana m'mbali mwa msewu, koyamba pa zaka zitatu. Anadabwa kuona nyumba zatsopano za malata ndi sukulu imene anaiwonjezera zipinda. Anafunsa kuti zimenezi anamanga liti.

Lero karinya ikuyendabe. Ikunyamula odwala, amayi apakati ndi maliro, ndipo chiyambire Vânia kuyendetsa sinagundepo kanthu. Madalaivala ena awiri achikulire a m'dera lathu anapita okha kukayezetsa maso atamva nkhaniyi. Mmodzi anapatsidwa magalasi ndipo akuyendetsabe, winayo anasiya.

Uthenga wanga kwa inu ndi wachidule. Ngati m'banja mwanu muli munthu wachikulire amene amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, apite ku chipatala chaka chilichonse akayezetse maso, makutu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mukaona kuti akugunda zipata, sakuzindikira anthu, akuchedwa kuponda mabuleki, kapena akufuna wina womuuza zimene zili kutsogolo, nthawi yakwana. Lankhulani naye mwaulemu, pawiri, ndipo mupezereni ntchito ina imene nzeru zake zingagwire. Musamubisire, ndipo musamuonere msewu. Inunso amene mumakwera, mukaona chokayikitsa nenani, ngakhale galimotoyo ikhale yokhayo m'mudzi. Kusiya chiwongolero kumawawa, koma munthu amachira.

Tabita amadutsa kuseri kwa nyumba yanga m'mawa uliwonse popita kumunda. Ndisanamuone ndimayamba ndamva ndodo yake ikugogoda pansi, ndipo ndimakumbukira kuti inenso ndinaseka tsiku limene a Andreya anapatsa moni thumba la makala.